Nanga bwanji osangowabaya jakisoni ana a sickle cell?

Mayi a Tadala: Moni nonse apagulu. Ndili ndi funso kwa inu a zachipatala. Mchemwali wanga wanditumizira nkhani yoti ku UK ndi ku America anthu a sickle cell ayamba kuchira, ati madokotala akumakonza majini awo. Ambiri mukudziwa kuti wachiwiri wanga ali ndi vutoli. Chomwe sindikumvetsa ndi ichi: katemera wa Covid uja ankati ali ndi uthenga wopita m'maselo, ndipo anthu ankangobayidwa pamkono basi. Nanga bwanji osaika mankhwala a sickle cell mu jakisoni n'kutibweretsera kuno? Kapena ndi umbombo chabe wa makampani?

Anaphiri (Leeds): Mayi a Tadala, nkhaniyo ndi yoona. Mankhwalawo dzina lake ndi Casgevy. Kuno ku UK anawavomereza mu November 2023, ku America mwezi wotsatira. Koma si jakisoni ayi, ndi ulendo wa miyezi. Poyamba amakupatsa mankhwala otulutsa maselo opanga magazi kuchoka m'mafupa kuti abwere m'mitsempha, kenako amakulumikiza ku makina amene amasefa maselowo. Ena amabwererako kangapo chifukwa maselo sakwana ulendo umodzi. Maselowo amapita ku labu, kumene amakawakonza ali kunja kwa thupi. Akakonzeka, wodwala amagonekedwa n'kupatsidwa busulfan, mankhwala amphamvu a mtundu wa chemotherapy, kuti maselo akale a m'mafupa afe, atsopano apeze malo. Masabata otsatirawo chitetezo chimakhala chili pansi zedi, munthu amakhala m'chipinda chayekha, mkamwa muli zilonda, tsitsi litathothoka. Ndipo busulfan amatha kuwononga mphamvu yobereka. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi.

Mfana wa ku Ndirande: Ndayesa kusintha ndalamazo kupita ku makwacha, foni yazima yokha.

Mayi a Tadala: Mayo ine. Ndiye bwanji amazunza munthu choncho m'malo mongomubaya?

Nambewe (Cape Town): Mayi, funso lanu ndi lomwe likusowetsa tulo anthu ambiri m'malabu pano, ine ndemwe. Umbombo ulipo, sindikukana, koma si umene ukutsekereza jakisoni ameneyo. Chimene chavuta mu sickle cell tinachidziwa kalekale: chilembo chimodzi chokha mu jini ya hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Chida chokonzera nachonso chilipo, ndiye CRISPR. Casgevy sakhudza n'komwe chilembo cholakwikacho, amakazimitsa kachigawo ka jini yotchedwa BCL11A kuti thupi liyambirenso kupanga hemoglobin ya ukhanda, imene sipinda maselo. Zonsezo zimatheka m'mbale ya ku labu, kumene timagunda maselo ndi magetsi pang'ono kuti atseguke chidacho chilowe. Koma simungagunde mafupa a munthu wamoyo ndi magetsi. Pakufunika chinthu chokulungira chidacho, choti chiyende m'magazi, chikapeze selo loyenera pakati pa maselo mabiliyoni, chilowe, chikamasule katundu wake. Chokulungira chokafika m'mafupa mokwanira komanso mosavulaza munthu sichinavomerezedwe kulikonse.

Aphunzitsi a Bio: Achemwali, tafotokozani pang'onopang'ono, ena a ife tikaphunzitse ana molondola. Kodi RNA, uthenga uja wa mu katemera, itangothiridwa m'magazi yopanda chokulungira chingachitike n'chiyani?

Nambewe (Cape Town): Singakhale. M'magazi, m'malovu, ngakhale pakhungu la zala zanu pali ma enzyme otchedwa RNase amene ntchito yawo ndi kudula RNA. N'chifukwa chake ku labu timasintha magolovesi pafupipafupi, timapukuta tebulo ndi mankhwala apadera, ndipo wina akabwera kudzacheza chubu chili chotsegula timamuuza kuti akalankhulire panja. Chachiwiri, RNA ndi yaikulu ndipo ili ndi mphamvu ya magetsi ya negative, khungu la selo nalonso ndi negative komanso ndi la mafuta, ndiye zimakankhana. Chachitatu, thupi likaona RNA yachilendo limayesa kuti kwalowa kachilombo, n'kuyamba nkhondo. Vuto lachitatuli ndi lomwe Katalin Karikó ndi Drew Weissman anapezera njira yake ku University of Pennsylvania mu 2005, posintha chilembo chimodzi cha RNA, uridine, ndi china chofanana nacho chimene chitetezo sichichita nacho phokoso. Anawapatsa Nobel mu 2023. Koma ngakhale RNA yawo yokonzedwayo ikanakhala yopanda ntchito pakanapanda timadontho ta mafuta toikulungira.

Madala Gondwe: Mwana wanga, ine ndine wachikale koma ndimamvetsera. Timadontho timeneto ndi tomwe tinkamva kuti tikalowa m'thupi timakasintha DNA ya munthu. Inu mukunena nokha kuti zinthuzi zimakonza majini. Ndiye amene ankakana katemera aja ankanama pati?

A CO: Madala, tisiyanitse zinthu ziwiri. Chokulungira chikhoza kukhala chofanana, koma za m'kati n'zosiyana. Mu katemera wa Pfizer ndi Moderna munali uthenga wopangira puloteni imodzi ya kachilombo. Uthengawo umawerengedwa kunja kwa nyukiliyasi, sulowa kumene DNA imakhala, ndipo pakapita masiku umaphwanyika. Kuti DNA isinthe pamafunika kuikamo dala chida chodulira monga Cas9 pamodzi ndi kalozera wake, ndipo mu katemera munalibe zimenezo. Komanso tisaiwale kuti katemera woyamba kufika ku Malawi mu March 2021, madozi 360,000 aja a COVAX, anali AstraZeneca. Ameneyo si wa mRNA ngati wa Pfizer ndi Moderna. Iye chonyamulira chake ndi vayirasi yotchedwa adenovirus ya anyani a chimpanzi imene anailumala kuti isachulukane. Johnson & Johnson nayenso ndi adenovirus. Pfizer anabwera pambuyo.

Madala Gondwe: Ndiye ine m'thupi mwanga munalowa kachilombo ka anyani?

Mfana wa ku Ndirande: N'chifukwa chake nthochi sizikhalitsa kwanu madala.

Admin: Mfana, ulemu kwa akuluakulu.

Madala Gondwe: Musiyeni, bambo ake ndinawaphunzitsa Standard 6, analinso choncho.

Nambewe (Cape Town): Madala, funso lanu latifikitsa pa mitundu iwiri ya zonyamulira. Mtundu woyamba ndi mavayirasi. Mavayirasi akhala akulowetsa majini awo m'maselo a zamoyo kuyambira kalekale, ndiye asayansi anaganiza zowachotsa za m'kati n'kuikamo zathu. Zimagwira, koma mbiri yake ili ndi maliro. Mu September 1999 mnyamata wa zaka 18, Jesse Gelsinger, anamwalira ku Philadelphia patangopita masiku ochepa atapatsidwa adenovirus yambiri yopita kuchiwindi. Chitetezo chake chinalusa mpaka kuwononga ziwalo zake. Patangopita zaka zochepa, ana ena ku Paris ndi ku London amene anachiritsidwa matenda obadwa opanda chitetezo anadwala khansa ya m'magazi, chifukwa vayirasi inakalowetsa jini pafupi ndi jini ina yoyambitsa khansa. Ntchito yonse inabwerera m'mbuyo zaka zambiri. Musaope za katemera wanu madala, mlingo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umenewo, ndipo unalowa mumnofu osati mumtsempha wa chiwindi.

Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito kavayirasi kakang'ono kotchedwa AAV. Zolgensma, ya makanda obadwa ndi matenda ofoola minofu a SMA, ndi AAV. Inatuluka mu 2019 pa mtengo wa madola oposa 2 miliyoni. Koma AAV ili ndi malire atatu. Imanyamula zilembo pafupifupi 4,700 zokha, pomwe jini ya Cas9 payokha imadya zoposa 4,000. Munthu ukamupatsa kamodzi thupi limapanga ma antibody, ndiye kachiwiri sizigwiranso. Ndipo anthu ambiri ali kale ndi ma antibody amenewo chifukwa anakumana nayo vayirasiyo ali ana osadziwa.

Aphunzitsi a Bio: Wachiwiri ndiye timadontho ta mafuta?

Nambewe (Cape Town): Eya, ma lipid nanoparticle, ife timangoti LNP. Kadontho kamodzi n'kakakulu pafupifupi ma nanometa 80 mpaka 100. Mutatiyala pamzere, 10,000 ndi tomwe tingakwane milimita imodzi. Timapangidwa ndi mafuta a mitundu inayi. Pali cholesterol ndi phospholipid, zimene zimalimbitsa khoma. Pali mafuta omangiriridwa ku tiulusi tokonda madzi totchedwa PEG, amene amakhala kunja kuti timadontho tisaphatikane tikadali m'botolo. Ndiye pali mwini ntchito, mafuta amene amasintha khalidwe malinga ndi asidi.

Apa ndi pamene pali nzeru yonse. Mafuta oyamba amene anthu anayesa, kuyambira 1987 pamene Philip Felgner ndi anzake anaonetsa njirayi, anali positive nthawi zonse. Ankagwira bwino DNA ndi RNA chifukwa izo ndi negative, koma m'thupi ankamatirira chilichonse n'kuwononga maselo. M'mbale zinkayenda, mu nyama zinali poizoni. Gulu la Pieter Cullis ku Vancouver, Canada, pamodzi ndi makampani a kumeneko, linalimbikira pa mafuta amene ali positive pa asidi pokha. Powasakaniza timaika RNA m'madzi a asidi, a pH 4 pa muyezo wa asidi, mafutawo amakhala positive n'kuikumbatira. Tikakweza pH kufika 7.4, yomwe ndi ya magazi, amasanduka opanda mphamvu ya magetsi, amayenda mwakachetechete. Selo likameza kadonthoko limakaika m'kathumba kotchedwa endosome, ndipo m'kathumbamo asidi amayamba kukwera. Mafuta aja amadzukanso, amakhala positive, n'kung'amba khoma la kathumbako, RNA n'kutulukira m'selo.

Koma musaganize kuti zonse zimatuluka. Amene anayeza ndi siRNA, RNA yaifupi yozimitsa jini, anapeza kuti yopulumuka ndi 1 kapena 2 pa 100 iliyonse. Yotsalayo selo limaigaya kapena kuilavula. Dziko lonse linalandira katemera ndi chonyamulira chotaya katundu wambiri chotero. Ine zimandiseketsa ndikamva anthu akunena ngati luso limeneli linafika pamapeto.

Bambo a Chisomo: Pepani ndalowa mochedwa. Mwati cholesterol? Ine adokotala anandiletsa mazira ndi chiwaya, kenako n'kundibaya cholesterol pamkono?

Anaphiri (Leeds): Bambo, mu dozi imodzi ya Pfizer muli cholesterol 0.2 mg. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 190 mg. Chiwaya chisiyeni ndithu, musapezerepo mwayi.

Koma Nambewe wandikumbutsa mmene tinkagwirira mabotolo aja nthawi ya katemera. Kabotolo ka Pfizer ka chivindikiro chapepo kankabwera kozizira pafupifupi -70. Ukakasungunula sunkaloledwa kukakhutchumula. Unkakatembenuza pang'onopang'ono, mutu pansi mutu m'mwamba, kakhumi. Kenako unkathiramo saline 1.8 ml, kutembenuzanso kakhumi, n'kulemba nthawi pabotolo chifukwa pakatha maola 6 n'kotaya. Munkatuluka madozi 6 a 0.3 ml. Madziwo ankaoneka oyererako pang'ono ngati muli kamtambo. Nthawi imeneyo tinkangotsatira pepala, osadziwa kuti ukakhutchumula ukuswa timadontho.

Nambewe (Cape Town): Ndendende achemwali. Kamtambo kameneko ndi timadonthoto tikubalalitsa kuwala. Ku labu n'chimene chimatiuza kuti zatheka. Timakhala ndi masirinji awiri, ina ya mafuta osungunulidwa mu ethanol, ina ya RNA m'madzi a asidi, madzi magawo atatu ethanol gawo limodzi. Zonse n'zoyera mbee ngati madzi akumwa. Makina amazikankhira m'kanjira kopyapyala kumene zimakumana mothamanga, ndipo kumapeto kumatuluka madzi otuwirako mobiriwira pang'ono. Akatuluka oyera ngati mkaka, ndiye kuti madontho akula kwambiri, tsiku lapita pachabe. Kenako usiku wonse amakhala mu dialysis kuti ethanol achoke. Mu katemera amathiramonso shuga wamba, sucrose, kuti timadontho tisasweke pozizira.

Mayi a Tadala: Ndikumva ndithu ngakhale zina zikundidutsa. Koma ngati timadonthoto tilipo, ndipo mwati tinganyamule CRISPR, chikuletsa n'chiyani kuti tipite m'mafupa mwa mwana wanga?

Nambewe (Cape Town): Chiwindi, mayi. Mukathira LNP mumtsempha, mapuloteni a m'magazi amaimatirira nthawi yomweyo, makamaka ina yotchedwa ApoE, imene ntchito yake ya masiku onse ndi kuperekeza mafuta kuchiwindi. Maselo a chiwindi akaona ApoE amatsegula khomo. Kuwonjezera apo mitsempha ya m'chiwindi ili ndi timabowo tokwana bwino kadontho ka kukula kumeneko. Zili ngati kutumiza katundu pa basi kuchokera ku Blantyre, koma kondakitala aliyense akungotsitsa zonse pa depoti ya Lilongwe. Ngati mwini katundu amakhala ku Lilongwe, zayenda. Ngati ali ku Mzuzu, adikira mpaka kalekale.

N'chifukwa chake mukaona mankhwala a mtunduwu amene apambana, ambiri ndi a matenda ochokera m'chiwindi. Woyamba anali Onpattro wa kampani ya Alnylam mu 2018, siRNA yokulungidwa mu LNP yoletsa chiwindi kupanga puloteni yotchedwa transthyretin imene imaunjikana m'mitsempha. Amaperekedwa pa diripi masabata atatu aliwonse. Ameneyu ndiye anatsegula njira, moti Covid itabwera chokulungira chinali chitayesedwa kale pa anthu. Mu 2021 kampani ya Intellia inaonetsa kuti CRISPR yokulungidwa mu LNP ikhoza kukadula jini m'chiwindi cha munthu wamoyo ndi diripi imodzi. Mu 2025 ku Philadelphia madokotala anapangira khanda limodzi mankhwala akeake m'miyezi pafupifupi 6, chifukwa chiwindi chake chinkalephera kuchotsa ammonia m'magazi. Anamupatsa katatu, chinthu chimene ndi vayirasi sichikanatheka. Zonsezi chiwindi, chiwindi, chiwindi.

Pa RNA zing'onozing'ono anapezanso njira yachidule yosafuna mafuta n'komwe. Amangomangirira kashuga kotchedwa GalNAc kumchira kwake, ndipo maselo a chiwindi ali ndi chogwirira kashugako. Inclisiran, wotsitsa cholesterol, amagwira choncho, jakisoni kawiri pachaka. Bambo a Chisomo, ameneyo ndiye wanu, ngati thumba lilola.

Bambo a Chisomo: Thumba likukana ngakhale panado.

Nambewe (Cape Town): Tsono maselo amene tikufuna mu sickle cell ndi ochepa zedi, abisala m'kati mwa mafupa, ndipo ambiri amakhala chigonere osagawikana. Mu 2023 gulu la ku University of Pennsylvania ndi chipatala cha ana cha ku Philadelphia linamata antibody kunja kwa LNP, yogwira chizindikiro chotchedwa CD117 chimene maselo amenewa ali nacho, ndipo mu mbewa uthenga unakafika m'mafupa. Ena ku Dallas anaonetsa kuti ukawonjezera mafuta achisanu ukhoza kukhotetsa timadontho kupita kumapapo kapena kukapamba. Ndi nkhani zolimbikitsa. Koma mbewa si mwana, ndipo ngakhale ndi antibody gawo lalikulu limatsikabe m'chiwindi.

A CO: Ine ndilankhuleko monga munthu amene ndimaona ana amenewa ku OPD. Sindikutsutsa sayansi, koma nkhani za madola mamiliyoni zimatha kutiiwalitsa zomwe zili m'manja. Mwana wa sickle cell kuno amafa ndi malungo, chibayo, kuchepa magazi, nthawi zambiri asanayezedwe n'komwe. Kumuyeza ali khanda, penicillin tsiku ndi tsiku, katemera onse, neti, folic acid, ndi hydroxyurea. Hydroxyurea amakwezanso hemoglobin ya ukhanda yomweyo imene Casgevy akuisaka, kungoti pang'ono ndipo uyenera kumwa tsiku lililonse. Kafukufuku wa REACH ku Angola, DRC, Kenya ndi Uganda anaonetsa kuti ana a kuno ku Africa akamamwa, ululu umachepa, kuikidwa magazi kumachepa, malungo amachepa, imfa zimachepa. Mayi a Tadala, ngati wanu sanayambe, kafunseni ku kiliniki. Ngati anayamba, asamadumphitse, ndipo magazi aziyezedwa monga akuuzirani.

Mayi a Tadala: Akumwa a CO, chaka chino sitinagonekedwepo. Vuto ndi pamene atha kuchipatala, timakagula ku pharmacy ndipo mtengo wake si wamasewera.

Nambewe (Cape Town): A CO akunena zoona ndipo palibe amene ayenera kusiya hydroxyurea podikira ife. Koma ndikaneko pang'ono pa mawu akuti zimatiiwalitsa. Mu 2021 ana oposa 500,000 anabadwa ndi sickle cell padziko lonse, ambiri mwa iwo kuno kum'mwera kwa Sahara. Njira ya Casgevy, ngakhale atapereka ulere mawa, ikufuna chipatala chosinthira maselo a m'mafupa, magazi ambiri osungidwa, ndi chipinda chotetezedwa kwa mwezi wathunthu pa wodwala mmodzi. Mayiko angati kuno ali nazo? Ndiye kwa ife nkhani ya chokulungira si yokongoletsera. Ndiyo yokha imene ingachititse kuti machiritsowa akhale botolo loti namwino angalipachike pa diripi ku chipatala cha boma. A Gates Foundation ndi NIH, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la ku America, anaziona zimenezi, mu 2019 analonjeza madola 200 miliyoni pa kafukufuku wa machiritso a majini a sickle cell ndi HIV, cholinga chili pa Africa. Ngati ifeyo sitikhala nawo patebulo, adzapanga chinthu chofuna firiji ya -70 n'kudabwa kuti bwanji sichikufika ku Nsanje.

Madala Gondwe: Apo ndiye mwanena. Magetsi ake ati? Komanso mwana wanga, musatiuze zabwino zokhazokha. Timadontho timeneti tilibe vuto?

Anaphiri (Leeds): Tili nalo madala. Kutupa pamkono ndi kutentha thupi kuja, mbali ina ndi mafutawo, chifukwa nawonso amadzutsa chitetezo. Pa katemera zimenezo zimathandiza, koma pa mankhwala obwereza n'zosafunika, moti olandira Onpattro amayamba apatsidwa steroid ndi mankhwala a ziwengo. Anthu ochepa kwambiri thupi lawo linkadana nazo mwadzidzidzi, ambiri amaganizira PEG, n'chifukwa chake tinkakusungani mphindi 15 mutabayidwa. Panalinso kutupa kwa mnofu wa mtima mwa anyamata ena, makamaka pa dozi yachiwiri. Zinali zosowa ndipo ambiri anachira, koma zinalembedwa, sizinabisidwe. A AAV nawo, pa mlingo waukulu amatha kuvulaza chiwindi, ndipo alipo amene anamwalira nazo.

Madala Gondwe: Mukamayankha chonchi munthu amamva. Nthawi ija ankangoti bayitsani, mafunso ayi.

Aphunzitsi a Bio: Za firiji zija, vuto ndi mafuta kapena RNA?

Nambewe (Cape Town): Makamaka RNA. M'kati mwa kadontho mumatsala madzi pang'ono, ndipo RNA ikakhala ndi madzi imaduka pang'onopang'ono. Ulusi wa zilembo zoposa 4,000 ukaduka pamalo amodzi, uthenga wonse wafa. Onpattro ndi LNP yomweyo koma imakhala mufiriji wamba, chifukwa siRNA ndi yaifupi, zilembo pafupifupi 21, ndipo ndi ya ulusi uwiri. Moderna ankasunga pa -20. Njira imodzi ndi kuumitsa kuti ukhale ufa. Kampani ya Gennova ku Pune, India, inatulutsa katemera wa mRNA woumitsidwa mu 2022 wosungika pa 2 mpaka 8, kuzizira kwa firiji za katemera wa ana zimene zili kale m'zipatala zathu.

Mfana wa ku Ndirande: Funso la serious tsopano. Zinthuzi sitingapange tokha? Mafuta tili nawo, a mpendadzuwa, a soya, a nsomba.

Nambewe (Cape Town): Haha, mafuta osintha ndi asidi aja samera m'munda achimwene, amapangidwa ndi akatswiri a chemistry, ndipo aliyense ali ndi mwini wake. Wa Pfizer amatchedwa ALC-0315, anachokera ku kampani ya Acuitas ku Vancouver. Wa Moderna ndi SM-102. Makampani akhala akusumirana m'makhoti pa nkhani ya LNP, Arbutus ndi Genevant anasumira Moderna mu 2022. Zilembo za mRNA aliyense akhoza kuziwerenga pa intaneti. Chimene amabisa ndi kuphika kwa chokulungira.

Koma funso lanu si lopusa. Alipo amene amayesa zinthu zachilengedwe. Chitosan amachokera ku zikamba za nkhanu ndi shrimp, ndi wotchipa, ndi positive, amagwira DNA. Vuto lake amaigwira osafuna kuisiya, ndipo salowetsa zambiri m'selo. Pali PEI, polima (mankhwala a tiulusi titalitali) imene Jean-Paul Behr ndi anzake ku Strasbourg anaionetsa mu 1995. Imalowetsa bwino moti mafakitale amaigwiritsa ntchito popanga mavayirasi a AAV m'matanki, koma m'thupi la munthu ndi yaukali ndipo thupi silitha kuiphwanya. Ena akuyesa mapolima amene thupi limatha kuwaphwanya, ena timatumba timene maselo amatulutsa okha. Mapepala ofufuza ndi ambirimbiri. Ofika pa wodwala ndi owerengeka.

Bambo a Chisomo: Nanga zija tinamva kuti ku South Africa akupanga?

Nambewe (Cape Town): Ndi Afrigen, konkuno ku Cape Town. WHO inakhazikitsa malo ophunzitsira luso la mRNA mu 2021. Moderna sanawapatse njira yake, iwo anatenga zimene zinali poyera n'kudzipangira okha, ndipo kumayambiriro kwa 2022 analengeza kuti apanga katemera woyamba wa mu labu. Kuchokera apo aphunzitsa anthu a mayiko ena a ku Africa, Asia ndi South America. BioNTech inatsegula fakitale ku Kigali mu December 2023. Moderna inalonjeza ya ku Kenya koma mu 2024 inaimitsa, ati katemera wa Covid sakugulidwanso.

A CO: Ndiye vuto lake limenelo. Mliri ukatha ndalama zimathanso.

Nambewe (Cape Town): Eya, koma makina osakanizira aja sasankha uthenga. Lero muikamo wa Covid, mawa wa TB kapena wa chiwewe, mkuja chida chokonzera jini. Munthu amene waphunzira kupanga kadontho ka ma nanometa 80 kofanana ulendo uliwonse, n'kudziwa kuyeza kuti RNA yalowa yochuluka bwanji, luso limenelo salitaya. Chimene ndimadandaula ine n'chakuti ana athu akamasankha maphunziro onse amathamangira udokotala, pomwe ntchito imeneyi ikufuna a chemistry, a pharmacy ndi mainjiniya. Aphunzitsi, muziwauza a Form 4.

Aphunzitsi a Bio: Ndiwauza, koma silabasi imathera pa Mendel ndi nsawawa zake. Munganditumizireko chithunzi cha kadonthoko chojambulidwa ndi microscope? Ndikufuna chenicheni, osati zojambula pakompyuta zokhala ndi mitundu.

Nambewe (Cape Town): Ndikutumizirani ku inbox cha cryo-EM, microscope yojambula zinthu zoziziritsidwa kwambiri. Musakhumudwe, n'chotuwa, timipira tambiri tothithikana, tina tili ndi chotupa m'mbali. Mpaka pano akatswiri akukanganabe ngati RNA imakhala m'chotupamo kapena pakati pa mafuta.

Madala Gondwe: Mwabaya anthu mabiliyoni musanagwirizane kuti katunduyo wakhala mbali iti?

Anaphiri (Leeds): Madala, aspirin anthu anamwa zaka zoposa 70 asanadziwe mmene amagwirira ntchito. Chimene chimayezedwa ndi choti akuthandiza kapena akuvulaza.

Madala Gondwe: Hmm. Ndikaganizira.

Mfana wa ku Ndirande: Ine ndayamba kale kutolera nkhanu ku Mudi, Nambewe ukabwera pa Khirisimasi tidzatsegule kampani.

Nambewe (Cape Town): Za ku Mudi zimenezo ngakhale mbewa za ku labu zingakane.

Admin: Zikomo nonse, ndaika nyenyezi pa mauthenga a Nambewe, Anaphiri ndi a CO kuti obwera mochedwa awapeze. A CO, Mayi a Tadala akufuna akulankhuleni kumbali za kumene hydroxyurea akupezeka motchipirapo. Ndipo amene simunapereke ya mwezi uno, msungichuma akutseka buku Lachisanu.